Mutu 5: Mbalame Yoyera ya a Telala

1. Wolota masana

Pasukulu ponse panalibe amene ankamutchula dzina lake lenileni. Aphunzitsi, anzake, ngakhale amayi ogulitsa zinthu pageti, onse ankangoti Kamphepo.

Dzinali analipata chifukwa cha zenera. Desiki yake inali pafupi ndi zenera loyang'ana pabwalo, ndipo mphepo ikangoyamba kusewera ndi mbendera pamlongoti, basi, mtsikana wapita. Thupi lili m'kalasi, mwini wake ali kumitambo.

"Kamphepo, tatsika kumeneko utiuze yankho!" ankatero aphunzitsi a masamu, kalasi yonse n'kufa nako kuseka.

Koma musamuweruze msanga, inu. Mbendera ya dziko lawo inali yokopa maso ndithu. Chakumwamba inali yabuluu, chakumunsi yachikasu, ndipo pakati panali mbalame yoyera yotambasula mapiko, mlomo utaloza kumwamba. Mphepo ikakhala yofatsa, mbalameyo inkaoneka ngati ikupuma. Ikalimba, mapiko ankagunda, ndipo Kamphepo ankaiona ikuchoka pansalupo, ikudutsa pamwamba pa madenga ndi mawaya a magetsi, mpaka kukasanduka kadontho.

Panalinso chifukwa china chimene anzake sankachiganizira. Mbendera zonse zimene zinakwerapo pamlongoti umenewo anazisoka ndi bambo ake, a Telala, m'kashopu ka chipinda chimodzi kuseri kwa malo okwerera basi. Mayunifolomu a sukulu yonse ankasokanso ndi iwo omwe. Ntchito imeneyo ndiyo inkawadyetsa awiriwo, pakuti mayi ake a Kamphepo anamwalira iye akali wamng'ono.

Tsono chaka chimenecho sukulu inamanga laibulale. Ahedi analengeza kuti idzatsegulidwa Lachisanu, ndipo kudzabwera mlendo wolemekezeka, bandi ndi makolo onse. Anaitanitsa mbendera yatsopano kwa a Telala. Funso linatsala limodzi: adzakoke chingwe ndani?

"Ndipatseni Kamphepo," anatero a Kopolo.

A Kopolo anali mlonda wa pasukulupo, msilikali wakale wa ndevu zoyera, amene ankakweza mbendera m'mawa uliwonse ndi kuitsitsa dzuwa likamalowa. Ahedi anaseka mpaka kugwira tebulo.

"A Kopolo, mwa ana onsewa mwasankha wolota masana?"

"Enawa mbendera amangoidutsa, bwana. Uyu amaiyang'ana."

2. A Kopolo alangiza

Kuyambira Lolemba, anzake akaweruka, Kamphepo ankatsalira pamlongoti. A Kopolo ankabwera atayangata mbendera yakale, yotuwa ndi dzuwa, ngati ayangata khanda.

"Mvetsera, mwanawe, chifukwa ine sindibwereza. Iyi ndi nsalu, inde. Bambo ako amaigula m'sitolo ngati ya malaya. Koma ikangokwera apa si nsalunso ayi. Kalekale anthu akapita kunkhondo, fumbi likabuka, munthu sankadziwa kumene kuli anzake. Ndiye ankanyamula mtengo wautali n'kumangapo chizindikiro pamwamba. Wosochera akachiona ankathamangira komweko, podziwa kuti kwathu ndi uko. Mbendera inayamba choncho. Imati bwerani kuno, muli ndi abale. Buluu uyu ndi thambo limene latifunda tonse, olemera ndi osauka omwe. Chikasuchi ndi minda yakucha. Mbalameyi ndi ife, ndipo nthawi zonse iziyang'ana kumwamba."

Kamphepo anali atayamba kale kuona fumbilo, ndi anthu otopa akuthamangira kansalu kakang'ono patali. A Kopolo anamugogoda pamutu ndi chala.

"Bwerera kuno! Tsopano malamulo. Isakhudze pansi, ngakhale kansonga kokha. Pokweza ukweze mwachangu, potsitsa utsitse pang'onopang'ono. Dziko likakhala pamaliro sumangoiimika pakati ayi. Umayamba waifikitsa pamwamba penipeni, kenaka n'kuitsitsa. Kuusilikali akuluakulu athu ankati malo otsala pamwambawo ndi a mbendera ya imfa, imene maso saiona. Ikatha ntchito ngati iyi, sakolopera, sapukutira mawindo, sasokera mwana kabudula. Timaiotcha mwaulemu, titavula zipewa. Wamva?"

"Ndamva. Nanga ikazondoka?"

Nkhope ya a Kopolo inasintha.

"Usadzayerekeze! Oyenda panyanja akazondotsa mbendera amakhala akunena kuti chombo chikumira, tithandizeni. Ukaizondotsa popanda vuto ndiye kuti wanamiza anthu, wanyozanso dziko. N'chifukwa chake pali aka."

Anamuonetsa kamtengo kotalika ngati chala, komangiriridwa ku chingwe chosokeredwa m'mphepete mwa mbendera.

"Kamtengo aka n'kokolera, ndipo kamakhala kumwamba, pambali pa buluu. Kamtengo ndi thambo sizilekana. Ukakagwira wadziwa kumutu, ngakhale utatsinzina. Komabe lamulo langa ndi ili: mbendera yatsopano uyambe waitambasula, uione ndi maso ako. Kaya wasoka ndani. Safunsa anadya phula."

Kenaka anamuphunzitsa za tsiku lalikululo. Mbendera idzakwera ili yokulunga, yomangidwa ndi chingwe chake chomwe, n'kukakhala pamwamba ngati kamtolo. Bandi ikadzayamba nyimbo ya fuko, iye adzakoka kamodzi kokha, mfundo n'kumasuka, mbalame n'kutulukira. Anayeserera kakhumi tsiku lililonse mpaka zikhatho zinachita matuza.

3. Singano ndi ulusi

Lachinayi masana Kamphepo anapeza bambo ake ataweramira makina, mphuno itatsala pang'ono kugunda singano.

Shopu inali monga mwa masiku onse. Simbi inkazirala pakona, tizidutswa ta nsalu tinali mbwee pansi, ndipo m'kuwala kolowera pazenera munkauluka tifumbi ta thonje, tikukwera ndi kutsika mwaulesi. Pambali pa makina panali kapilo kobayidwa singano zisanu ndi imodzi, zonse zili kale ndi ulusi. Ankalowetsa ulusiwo ndi Kamphepo, m'mawa uliwonse asanapite kusukulu. Inali miyezi inayi tsopano akuchita zimenezi.

"Wabwera, mayi wanga? Tabwera uigwire mbalame yako."

Kamphepo anayendetsa chala pamapiko. A Telala anaisoka ndi manja, nthenga imodziimodzi, zala zikuyenda zokha m'njira imene zinaidziwa kwa zaka makumi awiri. Inali yokongola kuposa zonse za m'mbuyo.

"Chatsala ndi chingwe ndi kamtengo basi," anatero a Telala. "Iwe pita ukaphike, ine ndimalize."

"Ndikuthandizeni, bambo. Ndingokugwirirani nsalu."

"Iwe! Unabadwa ine ndikusoka mbendera. Wayamba liti mwana kutafunira kholo?"

Anaseka, koma posakasaka sizasi dzanja lawo linapapasa tebulo kawiri, sizasiyo ili pomwepo. Kamphepo anaikankhira pafupi mwakachetechete.

"Bambo, maso anuwo. Bwanji tipite kuchipatala? Kapena tiwauze a Kopolo, si anzanu?"

A Telala anaimitsa makina.

"Khala pansi, ndikuuze mmene dziko liliri. Telala ndi maso. Tsiku limene anthu adzamve kuti a Telala akuona nkhungu, palibe amene adzabweretse nsalu pano, ngakhale ya pilo. Ahedi adzapereka mayunifolomu kwa anyamata aja a makina amagetsi, ndipo sadzalakwa. Tsono iwe udzadya chiyani? Udzaphunzira ndi chiyani? Anthu amakonda munthu akamayenda, akagwa amangomulumpha. Nkhunguyi ichoka yokha, ndi kutopa chabe. Za m'nyumba sasimba pamsewu, mwana wanga. Ndilonjeze kuti suuza munthu aliyense, ngakhale a Kopolo amene."

Kamphepo analonjeza. Akanatani? Anali bambo ake, ndipo anawamvera chisoni kwambiri.

M'mawa mwake anapeza mbendera itasitidwa, itapindidwa, itakulungidwa kale monga mwa mwambo, chingwe chitazungulira bwinobwino. A Telala anakana kupita kusukulu.

"Ntchito yandichulukira. Bandi imamveka mpaka kuno. Ikayamba nyimbo ndidziwa kuti mbalame yanga yauluka."

4. Kansonga kachikasu

A Kopolo analandira kamtoloko ndi manja awiri, n'kukatembenuza uku ndi uku.

"Ha! Kukulunga kwa achimwene angaku! Ngakhale kuusilikali kunalibe wotere."

Magalimoto a alendo anali atayamba kulowa pageti. A Kopolo anayang'ana wotchi, anayang'ana kamtolo.

"Kumasula apa n'kuononga chabe. Zaka makumi awiri munthu uja sanaphonyepo."

Anapapasa kamtengo, anakakola ku chingwe cha mlongoti, n'kukweza kamtolo mpaka pamwamba. Mwamva zimenezo? Mwini lamulo analilumpha yekha, dzuwa likuswa mtengo.

M'mawa umenewo kunja kunali kofatsa. Ana anaima m'mizere, mazanamazana, onse atavala zosoka za a Telala. Zolankhula zinayamba. Ahedi analankhula, wapampando wa makolo analankhula, mlendo wolemekezeka analankhula ngati saweruka. Kamphepo, chingwe chili m'manja, anachita zimene ankadziwika nazo. Anakweza maso.

Mitambo iwiri inkadutsa mosafulumira. Mawu a pachimkuzamawu anayamba kumveka patali, ngati akuchokera kutsidya kwa mtsinje. Kamtolo kankagwedera pamwamba ngati chisa, ndipo Kamphepo ankaiona mbalame ili m'katimo, mapiko itapinda, maso itatsinzina, ikudikira dzanja lake. Anayang'ana nthawi yaitali mpaka anayamba kuona khwinya lililonse la nsaluyo.

Ndiye anaona. Pambali pa kamtengo panatulukira kansonga ka nsalu, ndipo kanali kachikasu.

Anaphethira, n'kuyang'ananso. Chikasu ndithu. Kamtengo kanali katalekana ndi thambo. Bambo ake anakasokera kumunsi.

Nthawi yomweyo ng'oma ya bandi inagunda. Abambo anavula zipewa, mlendo wolemekezeka anaima njo, ojambula analozetsa makamera kumwamba.

"Koka!" ananong'ona a Kopolo.

Akakoka, mbalame ya bambo ake itulukira chadodolido pamaso pa khamu lonseli, ndipo pofika madzulo sipakhala munthu wosadziwa amene anaisoka. Akapanda kukoka, wosekedwa akhala iye.

Sanakoke. Anamasula chingwe pamlongoti n'kuyamba kutsitsa kamtolo, pang'onopang'ono, monga anaphunzitsidwira.

"Walotanso!" anatero mwana wina kumbuyo, ndipo kuseka kunayenda m'mizere yonse. Woimba lipenga anatsamwa. Ahedi anatong'ola maso ngati agwe pansi.

Kamphepo analandira kamtolo pachifuwa, anafulatira khamu, n'kumasula. Nsalu inagwera paphewa pake, ndipo a Kopolo analumpha ngati mnyamata n'kuwakha nsonga yake isanakhudze fumbi. Mtsikanayo anakolola kamtengo, anamangira mbali yabuluu ku chingwe chakumwamba ndi mfundo imene a Kopolo anamuphunzitsa, kamtengo n'kukabweza kumunsi. Kenaka anakweza mwachangu, dzanja pamwamba pa dzanja.

Mbendera inafika pamwamba nyimbo ikutha. Pomwepo kamphepo kayaziyazi kanabwera kuchokera kuseri kwa laibulale, nsalu inatambasuka, ndipo mbalame yoyera inatuluka mlomo uli kumwamba. Bwalo lonse linakweza maso. Ngakhale oseka aja anaiwala kutseka pakamwa.

5. Patsinde pa mlongoti

Alendo atapita, ahedi anamuitanira mu ofesi.

"Mwana iwe, watichititsa manyazi pamaso pa alendo. Unatsitsiranji mbendera nyimbo ili m'kati?"

Kamphepo anayang'ana nsapato zake.

"Sulankhula? Chabwino. Lolemba ubwere ndi bambo ako. Ndipo pamlongoti paja usadzapondeponso."

Anatuluka misozi ili lengelenge, koma lonjezo lake linali lisanasweke.

Dzuwa litapendeka, ana onse atapita, a Kopolo anamukodola. Anatsitsa mbendera awiri. Atailandira, a Kopolo anatenga kamtengo kaja n'kukaika m'dzanja mwake, pamodzi ndi nsalu yachikasu imene kanasokeredwako.

"Ndinaziona m'mawa muja. Wapulumutsa sukulu, mwanawe, ndipo wolakwa woyamba ndine, amene sindinatambasule. Zimenezo ndikawauza ndekha ahedi. Koma bambo ako! Munthu wodziwa mbendera kuposa ine, n'kuisoka chozondoka? Kodi ayamba kumwa? Kapena ntchito ya sukulu yawakola, ayamba kuipeputsa? Ngati zili choncho, ubwenzi ukhale pambali. Ndikanena kuti mbendera azisoka wina."

"Bambo samwa! Sanapeputsepo ntchito chibadwire!"

"Nanga n'chiyani?"

Kamphepo anayang'ana nsalu imene inali m'manja mwake. Analonjeza pofuna kuteteza bambo ake, koma tsopano kukhala chete kunali kuwasandutsa chidakwa pamaso pa mnzawo. Misozi ija inatsika.

"Saona bwino, a Kopolo. Miyezi inayi tsopano. Buluu ndi chikasu kwa iwo ndi nkhungu imodzi. Ulusi ndimawalowetsera ndine. Anandiletsa kunena."

A Kopolo anakhala pansi pasimenti ya patsinde pa mlongoti. Anagwira ndevu.

"Mayo ine, achimwene anga. Ndiye ine ndimati andinyada posandiyankha moni pamsewu." Anapukusa mutu. "Ndinakuuza kuti mbendera yozondoka imati chiyani?"

"Imati chombo chikumira, tithandizeni."

"Ndiyetu bambo ako sananamize munthu. Pakamwa anatseka, koma manja anena zoona. Mvera kuno. Kusunga mawu a kholo ndi ulemu, ndipo ine sindingakuphunzitse mwano. Koma pali zinsinsi zina zimene zimadya mwini wake. Ine ndinaona amuna amphamvu akubisa bala m'kati mwa jombo poopa kutchedwa ofooka, mapeto ake n'kutaya mwendo wonse. Maso ena amachira munthu akafulumira kuchipatala. Akazengereza, nkhungu imasanduka mdima. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zoona. Koma iye akalephera kudzuka, amene ali pafupi amutsekulire. Lero wadzichititsa manyazi pamaso pa anthu kuti ubise vuto la bambo ako. Mawa udzabisanso, mkuja udzabisanso, mpaka liti? Ndipo pali lamulo limodzi limene sindinakuuze. Woona mbendera yozondoka saloledwa kupitirira. Gwira uko, tipinde. Tikupita limodzi."

"Akandikalipira, a Kopolo."

"Mwina. Tiye."

6. Pakhomo pa shopu

Anayenda osathamanga. Dzuwa linali litatsika mpaka pamadenga, ndipo fumbi la mabasi linkaoneka lachikasu m'kuwalako. Anthu ankadutsa ngati zithunzithunzi. Patsogolo panali a Kopolo, mbendera yopinda ili pachifuwa, ndipo Kamphepo ankaponda m'mapazi mwawo.

Asanakhote pakona anayamba kumva makina akulira. Chitseko cha shopu chinali chotsegula. Kamphepo analowa, a Kopolo n'kuima pakhomo.

A Telala anadzutsa mutu akumwetulira, mapazi akupalasabe.

"Ndiwe, mayi wanga? Ndinaimva bandi! Inauluka?"

"Inauluka, bambo."

"Ndinadziwa ine. Mbalame zanga sizigwa."

Kenaka anaona kuti pakhomo pali munthu wamtali. Anatsinzinira, n'kumuyang'anitsitsa. Panali mapazi atatu okha pakati pa iwo ndi mnzawo wa zaka makumi awiri.

"Aa, wabwera ndi kasitomala? Lowani, bambo, takulandirani. Tikusokereni chiyani?"

A Kopolo anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Ndi a Kopolo, bambo," anatero Kamphepo. "Ndawauza."

Mapazi a bambo ake anachoka pachopondera. Gudumu la makina linazungulira lokha kawiri, n'kuima. M'shopu munangotsala tifumbi ta thonje tija, tikuuluka m'kuwala komaliza kwa pazenera.

"Tseka chitseko," anatero a Telala ndi mawu otsika.

Kamphepo anagwira chitseko. Koma a Kopolo anali ataima pakhomo penipeni, phazi limodzi m'kati, lina kunja, mbendera ili m'manja, ndipo sanasunthe.